Ulemu kwa Buku la Chikondi cha Mdala ndi Mtsikana

Pakati pa mabuku a nthano zachikondi pali mtundu wina woyenera kuuwombera m'manja, umene mwamuna wake amaposa mkazi ndi zaka 15, 20 kapena kupitirira apo. Mtunduwu uli ndi makolo omveka. M'buku la Emma, lomwe Jane Austen anatulutsa mu 1815, mkwati amaposa mkwatibwi ndi zaka 16. Mu Jane Eyre la Charlotte Brontë, la mu 1847, mphunzitsi wa zaka 18 akukopeka ndi bwana wake Rochester, womuposa ndi zaka pafupifupi 20. Kampani ya Mills & Boon, yomwe inayambira ku London mu 1908, inadzasandutsa nthano zachikondi chigayo: chimanga chomwecho, ufa womwewo, ogula osatopa.

Ubwino woyamba wa buku la mtunduwu ndi wakuti mdala wake sakalamba. Imvi zimangomera pang'ono m'mbali mwa makutu ngati zokongoletsera. Alibe nyamakazi, satsokomola usiku, mano onse ali m'kamwa. Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma wamkulu wa m'bukuli ndi amene amayatsa tchire. Ubwino wachiwiri ndi ukhondo wa mbiri yake. Mkazi woyamba amakhala atamwalira kale tsamba loyamba lisanatsegulidwe, ndipo akakhala wokanika kufa, monga wa Rochester, amatsekeredwa m'chipinda chapamwamba kuti asasokoneze owerenga.

Phindu la luso limeneli limaoneka bwino munthu akaliyerekeza ndi moyo wa m'maboma a Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Tsangano ndi dera lokwera, lozizira, la tirigu ndi kachewere, loyandikana ndi Ntcheu. Macanga, lomwe likulu lake ndi Furancungo, ndi dziko la fodya. Mabuku oterewa sapezekapezeka kumeneko, koma nkhaniyo anthu amaidziwa popanda kuiwerenga, ndipo mwini nkhani anamupatsa dzina limene wolemba wa ku London sakanalola kuti lisindikizidwe: chidyamakanda. Ameneyu alibe nyumba yachifumu. Ali ndi njinga yamoto yatsopano, foni yaikulu ndi malata angapo. Chikondi chake chimaphuka fodya akagulitsidwa, n'kufota feteleza akayamba kufunika. Cha m'buku sichiyendera nyengo, chifukwa ndalama za mdala wa m'buku sizidikira msika.

Pamene bukuli likuonetsa nzeru zozama kwambiri ndi pa nkhani ya abale. Kwa Achewa, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi pa chikamwini, ndipo mkamwini amayesedwa ndi khasu. Mdala wa zaka 55 akafunsira mtsikana wa zaka 22, ndiye kuti mawa m'mamawa akuyenera kukapalira munda wa apongozi, msana ukulira ngati chitseko chopanda mafuta. Akuyeneranso kupatuka m'njira ndi kuzolika akakumana ndi apongozi aakazi amene iye anawaona ali kumbuyo, akuyamwa chala. Apongozi aamuna mwina ndi mnyamata yemwe iye yemweyo anamuperekeza kudambwe. Ankhoswe amakhala pamphasa osadziwa kuti alangize ndani, pakuti mkwati amawaposa onse. Wolemba buku amathetsa chisokonezo chonsechi ndi cholembera kamodzi kokha: mtsikana amamusandutsa mwana wamasiye. Jane Eyre alibe mayi, alibe bambo, alibe malume woti n'kufunsa kuti mkuluyu ana ake ali kuti. Palibe mankhwala ena a chikamwini amene anapezekapo amphamvu kuposa amenewa.

Bukuli limadziwanso pothera. Limatseka tsiku la ukwati, nthungululu zili m'kamwa, masamu asanayambe. Kukapita zaka 20, mkazi uja ali ndi 42, mwamuna ali ndi 75, ndipo wokondedwa wasanduka wophika phala ndi wodikirira odwala kuchipatala. Pambuyo pa maliro pamabwera ana a kunyumba yaikulu, ena akulu kuposa wamasiyeyo, kudzawerenga ng'ombe ndi malata. Zonsezi buku labwino silizilemba, mwina posunga mapepala.

Chomaliza ndi mtendere umene bukuli lili nawo ndi malamulo. Wolemba ndi amene amasankha chaka chobadwa cha mtsikana, choncho mdala wake sanaonepo khomo la polisi. Ku Mozambique zinthu sizili choncho. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 48 anakwatiwa asanafike zaka 18. Mu 2019 nyumba ya malamulo ku Maputo inakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana, lomwe silimvera za mwambo kapena chilolezo cha makolo. Chidyamakanda wa ku Furancungo kapena ku Tsangano alibe wolemba woti amuwonjezerere zaka za mtsikana. Akatenga wa zaka 17, lamulolo limamusungira malo m'ndende kwa zaka zofika 12.