Mano a Laputopu

(Pakhonde pa Agogo, kumunsi kwa Mua Mishoni, m'mawa wa mwezi wa Okutobala. Mdzukulu wakhala pamkeka, laputopu waikhazika pabulangete.)

AGOGO: Amuna anga, phala lazizira muli chiyang'anire galasi lakudalo. Muli maliro m'menemo?

MDZUKULU: Ndikudikira iyake, agogo. Imatha mphindi 10 isanadzuke.

AGOGO: Mbaula yanga, makala ali onyowa, imayaka msanga kuposa pamenepo. Si iwe unkati ndi yatsopano?

MDZUKULU: Yatsopano ndithu. Ndinagula mwezi watha ku Lilongwe, ili m'katoni mwake. Koma ndikangotsegula zithunzi za zosemasema za ku Kungoni zija, sikirini imasanduka ya buluu, kenako zii. Dzulo yandidyera masamba 6 a lipoti langa.

AGOGO: Bambo Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976 ndi anyamata a sompho ndi tchizulo, sindinamvepo kuti sompho yakomoka. Pita nayo kuchipatala pamishonipa akaiike diripi.

MDZUKULU: Dikirani, yatsegula maso. Ndidine Ctrl, Shift ndi Esc, atuluke Task Manager. Ameneyu ali ngati kaundula wa amfumu, amaonetsa aliyense amene ali m'mudzi. Haa! Mapulogalamu 19 amadzukira limodzi ikangoyaka. Ma antivayirasi alipo awiri.

AGOGO: Amenewo ndiye ayani?

MDZUKULU: Alonda. Amagwira tizilombo tolowa m'kompyuta. Wogulitsa uja anawonjezerapo wina ngati basela.

AGOGO: Atambala awiri salira m'khola limodzi. Alondawo akugwirana okhaokha, mbava zikudutsa.

MDZUKULU: Mwalasa, agogo. Wina akamafufuza fayilo, mnzake amamuyesa wakuba. Ndichotsa mmodzi, ndipo mapulogalamu enawa ndiwaletsa kudzuka m'mawa. Vuto lina ndi RAM. Ili ndi 4 GB basi, pamene Windows 11 payokha imafuna 4 GB kungoti iime.

AGOGO: Lankhula Chichewa.

MDZUKULU: Disiki ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Nkhokwe idzaze bwanji, chimene mukupeta ndi chokhacho chakwana m'lichero.

AGOGO: Ndiye iwe ukukhuthulira thumba lonse m'kalichero ka masanje, n'kumadabwa kuti chimanga chikutayika. Sukulu yonse ija! Tabwera nayo kuno. Mayo ine! Thupi moto! Awa ndi malungo.

MDZUKULU: Imatentha choncho nthawi zonse.

AGOGO: Mwaifunditsa bulangete mu Okutobala, kuchigwa kuno? Ansembe anafika pano mu 1902, koma kutentha kukawakola ankakwera phiri kukapuma ku Bembeke. Iwe wakoyu ukumuphika. Amapumira pati?

MDZUKULU: Pansi pake pali timabowo ta fani... tomwe bulangete latseka. Komatu purosesa ikatentha imayamba kuyenda pang'onopang'ono, ikayandikira madigiri 100 imadzizimitsa yokha kuti isapse.

AGOGO: Ili ndi nzeru kuposa mwini wake. Tenga njerwa ziwiri apo, uikhazike ngati poto pamafuwa, mphepo izidutsa pansi.

MDZUKULU: Laputopu ya ndalama zonse zija panjerwa?

AGOGO: Khala chete kaye. Ukumva? Kukukuta m'katimo. Alowa anankafumbwe.

MDZUKULU: Ndi hadi disiki imeneyo, kambale kozungulira kokhala ndi kasingano kowerenga. Koma taimani. Zatsopano zambiri masiku ano zimabwera ndi SSD, yopanda chozungulira, yosalira, yoyatsa kompyuta m'masekondi ochepa. Nanga iyi bwanji...

AGOGO: Nanga chingwecho bwanji sachichotsa kukamwa, ngati mwana wosaleka bere?

MDZUKULU: Ndikazula chaja, mphindi 20 sizikwana, batire latha.

AGOGO: Mapanelo onse aja ayala pa Golomoti, amati mamegawati 20, alephere kukhutitsa kachitsulo kamodzi? Tandiuza, pogula unaiyang'ana mano?

MDZUKULU: Mano?

AGOGO: Agogo ako aamuna sankagula mbuzi pamsika wa Mtakataka asanaikanule kukamwa. Wogulitsa aziti ndi msoti, mano azinena kuti yabereka kasanu.

MDZUKULU: Laputopu ilibe... ayi, ili nawo. Pali lamulo lina, powercfg /batteryreport, limaulula kuti batire latchajidwa kangati chibadwire. Dikirani ndilembe.

AGOGO: Kanula, tione.

MDZUKULU: Ka 870.

AGOGO: Mwezi umodzi? Imadya kangati patsiku?

MDZUKULU: Ndipo mphamvu ya batire yatsala yosakwana theka la imene linabadwa nayo. Agogo, taonani batani la E ndi la A, afufutika. Pansi apa pali zomatira za sitika imene anaimatula. Katoni yokha ndiyo inali yatsopano!

AGOGO: Kaunjika wovala suti. Lisiti unatenga?

MDZUKULU: Anati buku la malisiti latha, ndipite mawa lake.

AGOGO: Unapita?

MDZUKULU: Ndinapeza pamalopo akugulitsa nsapato.

AGOGO: Basi, usalire. Ndi nkhalamba inzanga imeneyi. Nanenso m'mawa ndimayamba ndakhala kaye pamphasa, mawondo akambirane. Zofunika kugula ndi ziti?

MDZUKULU: SSD, RAM ina ya 4 GB ngati muli malo, mwinanso batire. Koma ndiyambe ndasunga lipoti langa pafulashi.

AGOGO: Ndigulitsa atambala anga awiri, nawonso amangomenyana. Idya phala.

MDZUKULU: Agogo! Panjerwa paja fani yatsika phokoso. Zithunzi zatseguka, osazima. Yachira!

AGOGO: Uziti "achira", wopanda mwambo iwe. Ndi akulu ako amenewa.