Aneba otsika m'phiri

Ku Mulanje tili ndi aneba amene salipira lendi, sasonkha ya maliro, koma zimene zili m'khitchini mwanu amazidziwa kuposa apongozi. Ndikunena apusi ndi akulu awo, anyani. Kuyambira ku Likhubula mpaka kuseri kwa Boma, aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri ali nawo mlandu.

Pusi sadziwa odi. Amakhala phee mumtengo wa mapeyala, kuonerera mayi akupachika mkoko wa nthochi pakhonde. Mayi akangolowa m'bafa, ntchito yayambika. Anthu amati apusiwa saopa munthu wa chitenje, amathawa wa thalauza yekha, ndiye abambo ambiri alandira udindo wolondera khonde ndi legeni m'manja. Vuto lagona pamenepo.

"Bambo a Chifundo, nthochi zija zili kuti?"

"Apusi, mayi. Ndawaona ndi maso angawa, analipo asanu."

Chonsecho makoko ali pansi pa mpando wa bambowo, osendedwa mwaulemu, ounjikidwa malo amodzi. Ana nawonso atengera nzeruyo. Shuga akachepa m'chitini, apusi. Chenje cha kuchigayo chikasowa, apusi. Bambo wina anafika ponena kuti pusi wathawa ndi ndalama za fizi, envulopu yonse. Nkhaniyo ikadali m'manja mwa ankhoswe.

Alendo ndiye amatiwonjezera mkwiyo. Munthu wachokera ku London, wasamba pa Dziwe la Nkhalamba, kenako waona pusi akudya nanazi wakuba n'kuyamba kumujambula, kumwetulira ngati waona mdzukulu. Mwini nanaziyo, manja m'chiuno, akuuza wonyamula katundu: "Achimwene, auzeni azungu anuwo kuti ngati amukonda amutenge, ndiwonjezerapo ndi abale ake."

Pa msonkhano wa kwa amfumu aliyense amalusa. Wina akuti tiitane a zanyama zakutchire, wina akuti tigule agalu, ngakhale agalu a kuno akaona nyani wamphongo amakumbukira kuti ali ndi zochita kuseri kwa nyumba. Funso loti nyamazi zatsikiranji silifunsidwa. Nkhalango ya phirili ndi yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Tinaomba m'manja. M'mawa mwake matumba a makala anatsika panjinga kulowera ku Chitakale monga mwa masiku onse, ndipo mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ukuoneka kwambiri m'timabokosi togulitsa alendo kusiyana ndi m'phirimo. Tinakwera kwawo kwa anyaniwa ndi nkhwangwa, iwo akungobweza ulendo. Amene amakuwa kwambiri pamsonkhanopo kuti anyani ndi akuba ndi yemwe uja zala zake zili bii ndi makala. Paja anyani amasekana zikundu.

Inu mukadzabwera kudzakwera Sapitwa, nthochi zanu muike m'chikwama ndipo zipi mutseke. Zikasowabe, yambani mwafunsa amene mwayenda nayeyo.