Nyumba zidatha pa kompyuta, ku Senga Bay kuli maenje

Ndine kapitawo wa zomangamanga, ndipo zimene ndidachita ku Senga Bay ndikuziulula kuti anzanga pantchitoyi asagwe m'mbuna yomweyo.

Mu Okutobala 2023 tidapatsidwa ntchito yomanga tinyumba togona alendo m'mphepete mwa nyanja, moyang'anizana ndi chilumba cha Namalenje. Injiniya wathu wa ku Lilongwe ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa BIM. Nyumba amayamba waimanga pa kompyuta ndi pulogalamu ya Revit: khoma lililonse, paipi iliyonse, ngakhale kuchuluka kwa konkire. Akatero, mu Navisworks amalumikiza chigawo chilichonse ndi tsiku lake, kuti uziona nyumbayo ikukwera sabata ndi sabata, komanso kuti ntchito imodzi ikachedwa udziwe zina zimene zichedwe nayo. Mbali yanga inali kutumiza lipoti Lachisanu lililonse la zimene zatheka pamalopo.

Malowo adayezedwa m'chilimwe, nyanja itaphwera. Tikukhoma zikhomo, mkulu wina amene ankasoka ukonde chapafupi adandikodola. "Mwana wanga, zikhomozi mwakhoma m'njira ya nyanja. Madzi saiwala khwawa." Ndidati, "Ndamva agogo," koma mawuwo sindidawafikitse kwa injiniya. Choncho pa pulani ya pa kompyuta padalibe mzere wosonyeza pamene madzi amalekezera chaka cha mvula yambiri.

Mu Novembala boma lidatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Simenti idakwera mtengo, kuipeza kwake kovutanso. Malamulo a 2018 amaletsa njerwa zowotcha pantchito zotere, ndiye ife tinkaumba mabuloko. Popanda simenti panalibe choti tichite. Mwini malo anali ku Johannesburg, akutsatira zonse pa foni. Ndidaopa kuti andiyesa waulesi. Lachisanu limenelo ndidalemba kuti maziko onse atha, mumtima ndikuti simenti ifika Lolemba ndipo tidzathamangira. Siidafike. Sabata yotsatira bodza loyamba lidafuna linzake, ndipo ndidalemba kuti makoma afika pamawindo. Zithunzi ndinkatumiza za kanyumba kamodzi kokha kamene kadakwera, ndikukajambula mbali zosiyanasiyana.

Kompyuta idalandira zonsezo ngati zoona. Injiniya ataona kuti masiku ofolera ayandikira, adaitanitsa malata ndi matabwa, n'kutumiza akalipentala. Lole itafika, anthuwo adapeza maenje. Ndidasowa pobisa nkhope. Akalipentala adalipidwa osakhoma msomali ndi umodzi womwe, ndalama imene ikadagula simenti n'kuthera pamenepo.

Ndondomeko idakonzedwanso, koma mvula inali italimba kale. Pofika Epulo 2024 nyanja idakwera kwambiri, ndipo malo ambiri ogona alendo m'mbali mwake adalowa madzi. Kwathu madzi adadzaza maziko a tinyumba ta kutsogolo, nalowa m'shedi. Matumba a simenti amene tidawapeza movutikira adauma gwa, matabwa adapindika. Ntchito adandichotsa. Chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero ndi anyamata a m'mudzimo amene ankatunga madzi ndi kuumba mabuloko: adadikira malipiro awo nthawi yaitali, ana akufuna fizi, chifukwa cha zimene ndidalemba ine.

BIM ikadatipulumutsa. Ndikadalemba kuti simenti kulibe, tsiku lomwelo ikadasuntha masiku ofolera, lole ya malata ikadadikira. Ndikadapereka mawu a mkulu uja, injiniya akadajambula mzere wa madzi n'kubweza tinyumbato kumtunda tisadakumbe.

Amene mukumanga kunyanja, mu ndondomeko yanu muikemo miyezi ya mvula, nthawi imene nyanja imadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, mwera wa m'nyengo yozizira, ndi kuchedwa kwa katundu. Funsani asodzi pamene madzi adafikapo kale. Ndipo lipoti la Lachisanu lizinena zimene zilidi pansi, ngakhale bwana akwiye.