Adiresi Yanga Ndi Mai a Vitumbuwa

Mwezi watha ndinagula matiresi ku Kamwala, ku Lusaka, kuti msana wangawu ulaweko ufulu usanapindikiretu. Mnyamata wa m'sitolo anatulutsa kabuku nati, "Atate, tikatule kuti?"

"Zambia Compound, Kafue, Zambia."

"Zambia mwatchula kawiri, atate. Nambala ya nyumba?"

Apa mpamene thukuta linayamba. Pakhoma langa manambala alipo atatu. Yoyamba analemba ndi choko anthu opopera mankhwala a udzudzu. Yachiwiri ili pa kapepala kamene anamata a kalembera mu 2022. Yachitatu ndi ya penti, ya landilodi wakale, ndipo mpaka lero ndimakayika kuti mwina ankangowerengera ngongole ya lendi. Ndinapereka ya udzudzu, poti ndiyo imaoneka bwino.

Anthu a ku Lusaka misewu yawapatsa matama. Ali ndi Cairo Road, yokumbutsa maloto a Cecil Rhodes a njanji yochoka ku Cape kukafika ku Cairo. Ali ndi Cha Cha Cha Road, yokumbutsa chipolowe cha mu 1961 cholimbana ndi atsamunda. Choŵaŵa kwambiri nchakuti Kafue Road ndi Kafue Roundabout nazonso zili komweko, makilomita oposa 40 kuchokera kwa eni ake dzinafe. Ife anatisiyira mtsinje, mlatho wa njanji wa mu 1906 ndi fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals. Ku Estates, kumene nyumba anazimangira antchito a m'mafakitale, manambala amayenda pamzere ngati ana a sukulu. Kuno kukomboni nyumba ndizo zinayamba kufika, msewu unabwera mochedwa nkumadzipanikiza paliponse pamene wapeza mpata.

Loŵeruka dalaivala wobweretsa matiresi anaimba foni. Ndinatsokomola kaye, ndinayankhula ngati wapolisi wa pamsewu.

"Mukapatuka pa tara, yendani mpaka pa mtengo waukulu wa mango, mukhotere kumanzere."

"Atate, mtengo pano palibe."

Anali kunena zoona. Mtengowo anaudula zaka zitatu zapitazo, ine ndemwe ndinagulako nkhuni zake. Koma tonse timanenabe kuti "pa mango", ndipo minibasi imaimabe pomwepo.

"Chabwino, funani kantemba ka buluu."

Kantembako a kampani ina ya mafoni anakapaka chikasu sabata yomweyo, osandidziŵitsa. Ndinamuuza za chigayo, anapeza zigayo ziŵiri. Ndinamuuza za tchalitchi, anaseka, nati pamene waimapo akuona matchalitchi anayi ndipo lachisanu akulimanga. Pomaliza ndinati afunse ana dzina langa, lonse lathunthu monga lilili pa chitupa. Ndinamva ndekha pa foni anawo akufunsana ngati munthu ameneyo akadali moyo. Zaka 19 ndakhala m'komboni muno, pamaliro sindijomba, tayi ndimavala.

Mai a kunyumba, amene nthaŵi yonseyi anali chete pa mbaula, anapukuta manja pachitenje nkundilanda foni.

"Mwana wanga, funsa kwa mai a vitumbuwa, a pafupi ndi mpope."

Mphindi zisanu sizinathe, galimoto ili pakhomo, ana khumi akuithamangira kumbuyo. Dalaivala anagwada kupereka moni kwa mai, kenaka anandiyang'ana ine: "Ndinu amuna awo? Gwirani uko."

Akuti a ZICTA ali ndi ntchito yopatsa misewu maina ndi nyumba manambala m'dziko lonse. Madzulo amenewo ndinalumbira kuti ndikadzipereka ndekha kukumba dzenje la chikwangwani, bola msewu wathu ukhale ndi dzina losatha kudulidwa nkhuni. Ndisanamalize kulumbirako ndinamva "Odi!" Anali bambo a kaloba, amene sindinawauzepo kumene ndimakhala chibadwire. Sanafunse mwana aliyense njira. Anangoloŵa, nakhala pa matiresi pulasitiki isanachoke, nkuyamba kuyesa ndi chibakera ngati ndi olimba.