Mimba siopa chigubu

Ife a ku Chilenje amene timagogoda pakhomo mimba italowa kale m'nyumba tapeza mpulumutsi watsopano: chigubu cha ufa wa protein chogula ku Manda Hill. Sitili ochepa ayi. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa anayi muno m'Zambia ndi wonenepa mopitirira muyeso, ndipo ine anayenera kundiwerenga kawiri. Tsoka lake, ufawu si mankhwala osungunula mafuta. Wambiri ndi madzi otsala a mkaka popanga tchizi, oumitsidwa, ndipo muyeso umodzi uli ndi magalamu pafupifupi 25 a protein ndi ma calorie oposa 100. Thupi limaphwa pokhapokha likamalandira zochepa kuposa zimene likutentha, choncho ufawu umagwira ntchito ukalowa m'malo mwa chakudya china. Ife timaumwa m'mamawa, kenako n'kutsatizapo tiyi wa shuga wambiri ndi vitumbuwa vinayi, kuti ufawo usasungulumwe.

Anyamata a ku gym ati ndine mbuli: protein imachedwetsa njala, ndipo imasunga minofu kuti isathere limodzi ndi mafuta munthu akamachepetsa kudya. Akunena zoona, ndipo sindilimbana ndi munthu wonyamula zitsulo. Koma dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a protein. Kapenta wouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi protein. Nyemba za kabulangeti, ma soya pieces, vinkubala nyengo yake ikafika, zonse zili pa Chilenje Market, mtunda woyenda pansi umene ife timakwerera basi. Mlandu wa kapenta ndi umodzi wokha: pa thumba lake palibe chithunzi cha mnyamata wovula malaya.

Amayi a kunyumba nawo afunsa: nanga kapentayo si uja mumadya tsiku lililonse, bambo, bwanji lamba akungosamukira ku bowo lina? Yankho lili mu poto. Galamu ya protein ili ndi ma calorie 4, ya mafuta 9, ndipo supuni yaikulu imodzi ya saladi ikulingana ndi muyeso wa ufa uja, pomwe ife timafuna kapenta wosambira. Onjezani mitanda itatu ya nsima, ndiye Mosi ndi michopo Lachisanu. Pofunika kudula ndi pamenepo, koma ndi pomwenso pali mavuto amene a sayansi sanawerengere. Kubweza mtanda wachiwiri kwa apongozi ndi nkhani yofuna ankhoswe. Ndipo ukalimba mtima n'kutsikadi makilo asanu, mu komboni palibe woombera m'manja. Aneba amatsitsa mawu n'kufunsa ngati zonse zili bwino kuntchito, ena n'kulumbira kuti anakuona ukuthawa wa kaloba.