Chipereganyu chathu chalowa mu kompyuta

Pa chipereganyu chathu cha ku Bangwe tilipo khumi, ndipo ulembi unagwera ine poti ndine ndekha wa laputopu, ngakhale imakomoka magetsi akangophethira. Mphwanga wina wophunzira za makompyuta anandilawitsako Python, basi ine n'kuyamba kuyenda mapewa m'mwamba ngati injiniya.

Mnyamatayo amati m'mapulogalamu a object-oriented, amene anayamba ndi Simula ku Norway m'zaka za m'ma 1960, chinthu chilichonse chimasunga zake m'kati, ndipo chili ndi timaganyu take totchedwa ma method. Tsoka lake, method ina ukaituma imagwiranso zimene sunayembekezere, n'kusintha zinthu mwakachetechete. Eni ake amati side effect. Apa sindinavutike kumva. Mayi akunyumba akandituma kukaona ngati nyama yapsa, yankho ndimabwera nalo loona, koma mumphika nthuli zimakhala zitachepa.

Tsono atcheya anapempha mayina otsatira afabeti, oitanira pa msonkhano. Ndinalemba mayina.sort(), kusindikiza, kuseva, kukagona. Chonsecho sort() sapanga mndandanda wina, amasanja womwewo. Wokupatsa watsopano osakhudza wakale ndi sorted(). Zilembo ziwiri zokha! Ndipo mndandanda umenewo ndi womwe unkasunga dongosolo la olandira ndalama.

Dzina langa limayamba ndi B. La mayi ogulitsa tomato mumsika wa Limbe, amene ankayenera kulandira mwezi uno, limayamba ndi Z.

"Alembi, mwauluka bwanji kuchoka kumchira kufika kumutu?" anafunsa mayiwo, chitenje akumangitsa m'chiuno.

Ndinaimirira, kukhosomola, n'kuwauza za Bertrand Meyer, amene anapanga chinenero cha Eiffel. Bamboyu m'buku lake la 1988 anaphunzitsa kuti method izisankha chimodzi: kuyankha funso kapena kusintha zinthu, osati zonse ziwiri. Ndinati kompyuta ndiyo yaphwanya lamulo.

Mphwanga uja, amene ndinamuitana dala kuti andiikire kumbuyo, anakweza dzanja. "Ayi malume, sort() amatsatira lamulolo. Amasintha zinthu, n'chifukwa chake sayankha kanthu, amangobweza None." Mwana wodya nsima yanga ameneyo.

Mayi a Z analibe nazo nthawi. "A Meyer anuwo asonkha kangati muno?"

Mayina tsopano abwerera m'kope la mwana wa pulayimale, ndipo cholembera chili ndi mayi omwewo. Ine ndidzalandira pomaliza, atachotsapo chindapusa. Udindo sanandimane: ndimanyamula mabenchi.