Tiyi wako ndi amene ali m'kapu

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Anatero makolo, ndipo ankanena zimene anaziona. Munthu umatsina kafodya kopera bwinobwino, ukuti ukweze dzanja, kamphepo ka kuphiri kapita nako. Mwambiwu ndi wakale kuposa foni, koma ikafika Disembala umakhala pa ntchito usana ndi usiku, makamaka pakati pa adzukulu a m'tauni amene akusaka mphatso ya Khirisimasi yopatsa agogo awo ku Chinakanaka.

Mdzukulu wa ku Blantyre kapena ku Joni amaona pa Facebook zithunzi za tiyi wa kuhotela, womwa dzuwa litapendeka: mbale zitatu zosanjikizana, pansi timabuledi, pakati masikono ndi jamu, pamwamba timakeke tokongola ngakhale kutiluma n'kuchita manyazi. Mtima wake umagunda. "Anganga avutika mokwanira, chaka chino akamwe tiyi ngati mfumukazi." Amalipira pafoni pomwepo, kuponi n'kutumiza pa WhatsApp ya msuweni wake wa kumudzi. Iye m'maganizo mwake wapereka mphatso. Kunena zoona, waika fodya pachala n'kuloza kumphepo.

Mwambo wa tiyi ameneyu unayamba ku England cha m'ma 1840. Amati mayi wina wolemera, Anna, Duchess of Bedford, ankamva njala pakati pa chakudya cha masana ndi cha usiku, chimene kwawoko ankadya mochedwa, ndiye anayamba kuitanitsa tiyi ndi tokomera pakamwa. Njala yake inali ya maola ochepa, ya munthu amene akudziwa kuti mgonero ukubwera. Njala ya Disembala ndi Januwale kuno, chimanga chakale chitatha, chatsopano chisanache, ndi ya mtundu wina. Siimva za timakeke.

Vuto limayambira pa kuponi pomwepo. Kwa munthu wachikulire wa kwathu, kuponi ndi ya feteleza basi.

"Anganga, achimwene atumiza kuponi."

"Ambuye adalitse mwana ameneyo! Tikaombola matumba angati?"

"Si ya feteleza, ndi ya tiyi."

"Makatoni angati?"

"Ayi, mukamwera konko, kuhotela."

"Ndiye tiyiyo akatha, ine ndibwera ndi chiyani?"

Funso limeneli palibe mdzukulu analiyankhapo bwino.

Komanso taganizani munthu amene mukumupatsa tiyiyo. Tiyi anafika ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anabzala mbewuyi kumeneko. Kuchokera nthawi imeneyo mabanja ambiri a boma lino akhala akulowa m'minda ya tiyi m'mamawa, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, kenako kuima pamzere wa sikelo, kapitawo akulemba makilo. Ena anagwira ku Lujeri, ena ku Chitakale, ena ali ndi timinda tawo ta tiyi. Ndipo Khirisimasi imagwa nthawi imene ntchitoyi yafika pachimake, chifukwa mvula ikagwa tiyi amaphuka osapumira. Wochuluka mwa tiyi ameneyu sakhalitsa kuno. Amagulitsidwa, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, n'kukwera ulendo wa ku Britain, South Africa ndi maiko ena. Ngati pali fodya wapachala amene anthu a ku Mulanje amamudziwa bwino, ndi ameneyu: amadutsa m'zala zawo, n'kukafika pamphuno za eni ake kutsidya kwa nyanja. Tsono inu mukufuna kudabwitsa ndi kapu ya tiyi munthu amene anasenza tiyi wokwana kumwetsa London yense.

Tinene kuti anganga avomera. Kuponiyo ndi ya anthu awiri. Wachiwiriyo akhala ndani? Akatenga mng'ono wawo, azilamu awo adzakwiya. Akatenga mnzawo wa kumvano, mbumba yonse idzati yanyozedwa. Amalume adzafunsa chifukwa chake nkhani yaikulu chotere yadutsa iwo osaimva. Mlandu umenewu ukhoza kufika Pasaka usanathe. Ndiye pali ulendo: kabaza mpaka pamsewu, minibasi yodikira kudzaza, ndi mvula ya ku Mulanje imene imakonda kugwa nthawi yomweyo imene azungu anasankha kuti ikhale ya tiyi.

Akafika patebulo, zodabwitsa zimayamba. Buledi amudula makoko, kumene kuli kukoma konse, n'kuikamo minkhaka, chinthu chimene ana amadya akuyenda m'munda popanda wowalipiritsa. Kapu ndi yaing'ono, chogwirira chake chala cha munthu wolima sichilowa. Kuviika sikono mu tiyi, msuweni akuwatsina kuti anthu akuona. Ndipo mayi wolera sangameze keke adzukulu ali kunyumba. Mudzangoona ngodya ya chitenje ikufufuma pang'onopang'ono, mbale yapamwamba ikuyera. Timakeke tija tidzafika ku Chinakanaka titasanduka phala, n'kugawidwa kwa ana asanu ndi atatu, aliyense kachala kamodzi.

Mphatso yofika pamphuno siivuta kuidziwa. Ndi yolemera ponyamula, imagawika, ndipo imafika Januwale. Mapaketi a tiyi wa Chombe, shuga wa ku Nchalo, mkaka waufa, chitini cha majarini, buledi wathunthu wosadula, ndi fulasiki yaikulu yoti tiyi wa m'mawa adikire mpaka anthu aweruke kumunda. Zomwera zina musavutike kuchoka nazo m'tauni. Pamsika wa Chinakanaka mupeza mandasi ndi zitumbuwa, kunyumba kuli chinangwa chophika ndi chigumu, ndipo zinanazi za ku Mulanje nthawi imeneyi zapsa. Ngati anganga kuchipatala anawaletsa shuga, konzekani kukambirana kwa nthawi yaitali. Adzakuuzani kuti adokotala analetsa masupuni anayi, za atatu sananenepo kanthu.

Koma mwambiwu suthera pa katundu. Mdzukulu nayenso amakhala wapamphuno kapena wapachala. Amene amaimba foni ya vidiyo pa Khirisimasi, nkhope ikuuma pagalasi chifukwa cha netiweki, agogo akufuula kuti "Ukundimva?", ameneyo ndi wamphepo. Ndalama ya pafoni nayo imadutsa m'manja mwa msuweni amene amayamba wadzilipira yekha ya kabaza, ya mayunitsi ndi ya kutopa. Wapamphuno ndi amene watsika minibasi, wavula nsapato zamatope pakhonde, wakhala pamphasa, n'kulandira tiyi m'kapu yaikulu ija imene ili pakhomopo kuyambira nthawi ya Kamuzu.

Sindikuti achikulire sakonda zabwino. Amazikonda kwambiri, ndipo adzazikamba pachitsime mwezi wathunthu. Ngati mtima wanu uli pa tiyi wa mbale zitatu, malo alipo. Ku Thyolo, esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo odzalawa tiyi wamitundumitundu. Koma malamulo ndi atatu. Pitani nawo nokha, osatuma kuponi. Ayambe adya nsima kunyumba, kuti timabuledi tija tikapeze maziko. Ndipo mtengo wake musawauze, ngakhale atakufunsani katatu, chifukwa adzauwerengera m'mabigili a chimanga ndipo tiyiyo adzawawa pakhosi.

Dziwaninso kuti kukhala pamphasa kuli ndi msonkho wake. Kapu yoyamba ndi ya malonje. Yachiwiri ndi ya mafunso: mukwatira liti, mwana wachiwiri akuchedwa pati, denga likudontha lija mwaliona? Pofika yachitatu mwalonjeza malata. Pobwerera adzakusenzetsani nkhuku yamoyo, nandolo ndi zinanazi zoposa zimene munabwera nazo, mpaka kondakitala adzafuna kukulipiritsani mipando iwiri. Ndipo musanakwere, anganga adzakugwirani dzanja mwachikondi chonse n'kukunong'onezani: "Wachita bwino, mdzukulu wanga. Koma mnzako wa kwa azakhali ako anabweretsa shuga belo lathunthu."